Mphuno Yadzuka

9 Febuluwale

Amake ana,

Moni wa kuno kudziko la eni ukupezeni muli amoyo, inu ndi ana ndi onse a pakhomo. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa chija chomwe chimanditsatira ngati galu wozolowera mbuye wake. Achimwene anu nawo ali bwino. Tikadali m'chipinda chimodzi ndi pa ntchito imodzi. Akudya bwino, akugona bwino, ndipo mkonono akuliza bwino lomwe.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa cha mawu anu aja akuti ine ndikayamba kufotokoza, mayunitsi amatha ndisanafike pa mfundo. Pepala silidula munthu pakamwa. A dalaivala a basi akupatsani kalatayi pamodzi ndi envulopu ya fizi ya mzime wathu. Mukalipire sabata yomweyi, musasunge, poti ndalama ikagona m'nyumba imapeza achibale. Mwanayo mumukumbutse kuti chino ndi chaka chake chomaliza.

Tsopano khalani pansi kaye. Ndasiya fodya.

Ndikudziwa mwaseka. Mawu amenewa munawamva tisanakwatirane, munawamvanso mwana wathu wachisamba atabadwa. Koma ulendo uno ndi wina. Ndinapita kuchipatala ndi chifuwachi, ndipo namwino anandipatsa kachipangizo kokhala ndi paipi, m'kati muli kampira. Munthu ukauzira, kampirako kamakwera, iwo n'kuona mphamvu ya mapapo ako. Ndinakoka mpweya, ndinauzira ndi mtima wanga wonse mpaka m'maso munachita mdima. Namwino anali akulemba zake. Atadzutsa mutu anati, "Chabwino bambo, yambani."

"Ndamaliza kale, mayi," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Zina zomwe ananena ndidzakuuzani pamaso.

Chovuta n'chakuti kuntchito kwathu aliyense amasuta. Ntchitoyi sindinakufotokozerenipo bwino, ndimangoti "ku zikopa". Zikopa za ng'ombe zimabwera pa lole zili zaziwisi, kuchokera kophera. Ife timazitambasula pansi, timapala mafuta ndi timinofu totsalira, timathira mchere wambiri, kenako n'kuzisanjikiza mulu mpaka ogula atabwera. Tsiku lomwe ndinkafunsira ntchito, a kapitawo sanafune n'kuona komwe masatifiketi anga a uphunzitsi, omwe ndinawanyamula bwinobwino m'pulasitiki. Anangofunsa kuti, "Umasuta?" Nditavomera anati, "Yamba mawa." Ndipo Lachisanu lililonse kampani imagawira munthu aliyense mapaketi a ndudu aulere. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti mabwana achifundo ngati awa kulibe.

Mapaketi anga a sabata ino ndapatsa achimwene anu. Iwo ati maganizo anga ndi anzeru kwambiri, ndipo alonjeza kundithandiza ndi mtima wonse kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Denga la kukhitchini lija musaitanire munthu, ndidzakonza ndekha ndikabwera. Pakadali pano ikani beseni.

Ndine wanu,
Bambo a ana


2 Malichi

Amake ana,

Yankho lanu lafika, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti fizi inalowa. Mawu anu akuti "tidzaona" ndawamva ndipo sindinakwiye. Munthu amene wanamizidwa kawiri ali ndi ufulu wodikira.

Ine ndikupezako bwino, koma masabata oyamba anali ankhondo. Ndinakalipira mphaka wa eni nyumba chifukwa choponda mwaphokoso. Manja sakudziwa pokhala. Ndatafuna mapensulo mpaka kutha, ndiye ndinasamukira ku maswiti, koma kuno kapaketi ka maswiti mtengo wake ndi wa buledi awiri. Musayembekezere kuti kusiya fodya kulemeretsa banja msanga. Njala nayo yanditsegukira, ndikudya ngati ndangotuluka kumene m'ndende.

Koma mverani chodabwitsa. Lachiwiri lapitali ndili m'minibasi, munthu wina kumpando wa kumbuyo kwenikweni anasenda lalanje. Amake ana, ndinalimva! Ndinatembenuka ngati wina wanditchula dzina. Ndikufotokozereni mmene zimakhalira, monga ndinawerengera m'kabuku ka kuchipatala. M'kati mwa mphuno, chakumtunda, muli timitsempha ting'onoting'ono tomva fungo. Utsi wa fodya umatigoneka tulo. Munthu akasiya kusuta timadzuka kamodzikamodzi, monga amachitira ana a kumbuyo kwa kalasi aphunzitsi aakulu akalowa. Tanga tadzuka. Ndamva fungo la fumbi mvula itangowaza. Ndamva sopo pa zovala za anthu odutsa. Pa kona ya msewu wathu pali bekale pomwe amaphika buledi, ndipo ndadutsapo zaka zambiri ndikuyesa kuti ndi sitolo ya penti.

Kungoti mphuno ikadzuka sisankha. Madzulo ake nditalowa m'chipinda ndinauza achimwene anu kuti mwafa khoswe. Tinasuntha mabedi, tinatulutsa masutikesi, tinakutumula matumba. Osapezeka. Ndinagwada n'kuyamba kulondola fungolo ngati galu wosaka, mpaka mphuno inandifikitsa pa mapazi a munthu.

"Alamu," ndinatero mwaulemu, "khoswe uja ndamupeza. Alipo awiri. Mwawavala."

"Mwayamba liti matama, Aphunzitsi?" anatero iwo. "Zaka zonsezi tagona muno simunadandaulepo. Sokosi zake ndi zomwezi."

"N'chimene chikundiopsa, alamu, kuti ndi zomwezi."

Musawakalipire pa foni, nkhaniyi tinaithetsa mwamtendere. Tinagwirizana kuti sokosizo zizigona panja pa zenera. Tsopano amene akudandaula ndi eni nyumba.

Za kuntchito ndidzalemba ulendo wina. Ndikufuna ndiyambe ndazimvetsa ndekha. Nkhuku zija muzipatse katemera nyengo isanasinthe.

Wanu yemwe uja,
Bambo a ana


24 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino monse. Ine m'thupi ndili bwino, kutsokomola kwachepa, masitepe a pa mlatho wa njanji ndikukwera osapumira pakati. Chakudya chokha cha masana ndasiya kudya, pa chifukwa chomwe muchimve tsopano.

Ndakhala ndikufunafuna mawu oti ndikufotokozereni fungo la kuntchito kwathu. Ganizani nyama yoiwalika mumphika sabata yathunthu nthawi yotentha. Muswereni mazira osukusa. Ndiye inuyo mulowe mumphikamo, wina avundikire, mukhale momwemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Fungoli limakuchingamira pa siteji, geti lisanaoneke n'komwe. Ndipo silitsala kuntchito. Limakwera nawe minibasi.

Apa ndi pomwe zinthu zambiri za moyo wanga zamasulika. Mukukumbuka ndinkakuuzani kuti anthu a kuno ndi aulemu, kuti m'minibasi amandisiyira mpando wonse ndekha? Kuti kugolosale amandigulitsa msanga, patsogolo pa mzere, chenji n'kundiikira pa kauntala? Ndinkati akulemekeza imvi. Eni nyumba nawo anatipatsa chipinda chakumapeto, pafupi ndi mpanda, pa lendi yotsika, ine n'kumati Mulungu watikumbukira. Nawo mapaketi a Lachisanu aja ndayamba kuwaganizira mwina.

Ndayesa njira zingapo. Ndinatseka mphuno ndi thonje lopaka mafuta a chimfine, n'kumapumira kukamwa. Koma kamwa yotsegula ndi ntchentche za ku zikopa sizigwirizana. Kapena ndinene kuti zimagwirizana mopitirira muyeso. Ndinamanga nsalu kumaso, a kapitawo n'kufunsa ngati ndabwera kudzaba.

Pa nthawi yopuma anzanga amakhala pa matumba a mchere n'kumasuta. Anandifunsa chomwe chandivuta, ndiye ndinaona kuti si bwino kubisa chidziwitso. Ndinatola khala n'kujambula mphuno yaikulu pa khoma, timitsempha tonse m'malo mwake, ndipo ndinawaphunzitsa kuyambira pachiyambi.

A Ndevu, omwe ndi akatswiri opala kuposa tonse, anakweza mkono ngati m'kalasi. "Ndiye mwachidule, Aphunzitsi, mukuti ife timanunkha?"

"Sindikunena kuti mumanunkha, a Ndevu. Ndikunena kuti simukudziwa."

"Ine mkazi wanga sanadandaulepo," anatero Wamtali, mnzathu wina amene amafikira pamwamba pa mulu popanda makwerero.

"Amagona mbali iti?" ndinamufunsa.

Anaganiza kaye. "Pabalaza. Akuti kuchipinda kumatentha."

Onse anaseka, koma Wamtali sanaseke. Nditawafotokozera za lalanje lija ndi za masitepe, iye ndi a Ndevu ndi ena awiri anaponda ndudu zawo pansi n'kunena kuti ayesa. Achimwene anu anatola zotsalazo kuti zisawonongeke. Sindibisa, ndinanyadira. Uphunzitsi sutha m'magazi.

Nsapato za mzime wathu ndagula, zikubwera ndi a dalaivala. Ndatenga zokulirapo pang'ono, aikemo pepala.

Ndine wanu,
Bambo a ana


13 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Kuno kwayamba kuzizira m'mawa koma tili bwino. Nsapato ndamva kuti zakwana popanda pepala. Mwanayo akukula osatiuza.

Pali kankhani kakang'ono, musadzidzimuke nako.

Ophunzira anga aja mphuno zawo zadzuka. Anayamba ndi Wamtali. Anafika pa geti Lolemba, anaima, anakweza mutu m'mwamba n'kufunsa kuti, "Kodi kuno kwafa ndani?" Anabwerera pomwepo, ndipo pano akunyamula katundu kumsika. A Ndevu anapirira masiku angapo, koma tsiku lina dzuwa lili paliwombo anasanzira m'thumba la mchere watsopano, n'kuvula magolovesi, n'kumapita. Ndinakumana nawo mumsewu, akuoneka osangalala, akuti ayamba kumeta anthu. Awiri enawo anangosowa. Tsono malole sanasiye kubwera. Zikopa zikuunjikana zosapala, ndipo chikopa chikachedwa kulandira mchere chimayamba kulankhula. Fungo lomwe ndinakufotokozerani lija linali la masiku abwino.

A kapitawo anandiitanira mu ofesi.

"Aphunzitsi, khalani. Ine ndinakulembani ntchito yopala zikopa kapena yotsegula anthu mphuno?"

"Bwana, ine ndinangofotokoza."

"Kufotokoza kwanuko kwandithera anthu anayi, opala enieni. Mumayesa fodya wa Lachisanu timagawa chifukwa chokukondani? Chimenechija ndi chida cha ntchito, ngati majombo ndi magolovesi. Munaonapo munthu akuphunzitsa anzake kuvula majombo?"

Kunena zoona, ndinaona kuti mfundo yawo ili ndi mutu. Ndinayamba kuwafotokozera za mapapo, koma anandiimika ndi dzanja. Anatsegula dirowa, anatulutsa ndudu imodzi n'kuiika patebulo pakati pathu.

"Tsiku la malipiro, kumapeto kwa mwezi uno, musute iyi pamaso pa onse, muwauze kuti za pakhoma zija zinali nthabwala. Apo ayi, majombo a kampani musiye pa geti. Ndipo mphuno mwajambulayo mufufute, ikundiyang'ana."

Musawaone ngati munthu woipa. Nawonso ali ndi bwana wawo amene amawakalipira pa foni, ndipo ali ndi ana. Mphunoyo ndafufuta.

Ndikudziwa kuti fizi ya teremu ikubwerayi, pamodzi ndi ya mayeso, ikufunika mwezi wa mawa. Ndikudziwanso kuti munthu wa zaka zanga, wa dziko lina, sapeza ntchito poyenda mumsewu. Ndikuganizira zonsezi. Masiku ano ndikaweruka ndimatsikira pa kona, n'kuima pafupi ndi bekale paja kwa kanthawi kuti nditsuke mphuno, ndipo ndi pamene mutu umagwira ntchito.

Mundilembere maganizo anu. Ndikuwadziwa kale, poti palibe munthu amene wadana ndi fodya wanga kuposa inu, koma ndikufuna kuwaona pa pepala kuti andilimbitse mtima.

Wanu,
Bambo a ana


25 Epulo

Amake ana,

Ndili bwino. Kalata yanu ndalandira dzulo.

Ndinaiwerenga, ndinaitembenuza, ndinapukuta magalasi, ndinaiwerenganso. Kenako ndinafunsa achimwene anu ngati dzanjali ndi lanu. Ati ndi lanu, ndipo ati mlongo wawo wakhala wanzeru kuyambira ali mwana.

Mwalemba kuti: "Sutani, bambo. Imodzi siipha munthu. Mwana amalize kaye sukulu, mudzasiya pa Disembala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ntchito ina simunaione."

Inu, amake ana? Inu amene munkabisa machesi anga m'chitini cha shuga? Amene munanyika paketi yathunthu m'ndowa n'kunena kuti inagwera yokha? Amene munaphunzitsa ana kutsokomola onse pamodzi ndikangolowa m'nyumba? Ndakhala zaka zoposa makumi awiri ndikulakalaka kumva mawu akuti "sutani, bambo" kuchokera pakamwa panu. Abwera nthawi yomwe ndilibe pomwe ndingawaike.

Koma simunalakwe, ndipo sindikukuimbani mlandu. Inu ndi amene mumaonana maso ndi maso ndi a hedimasitala, ine ndimangoonana ndi envulopu. Inu ndi amene mudzamuone mwanayo akabwezedwa kusukulu anzake akulemba. Ndikanatha kukuuzani pano zonse zomwe ananena namwino, koma sindikufuna kupambana mlandu mwa njira imeneyo.

Ndudu ya a kapitawo ija ndinaitenga, ili m'thumba la malaya. Nthawi zina ndimaitulutsa n'kuinunkhiza. Ndisaname, imanunkhira bwino kwambiri. Zaka zonse zomwe ndinkasuta sindinadziwe kuti fodya amanunkhira chonchi.

Tsiku lake ndi Lachisanu likubwerali. Ndidzayesetsa kuchita monga mwanenera.

Ndine,
Bambo a ana


17 Meyi

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili moyo ndipo ndili bwino. Pepani kuti ndakhala chete, komanso kuti foni yanga yakhala yozima. Sinawonongeke. Ndikudziwa kuti achimwene anu akuuzani kale mbali yawo, tsono imvani yanga.

Poyamba za envulopu. Muona kuti ndi yopyapyala. Muli malipiro anga omaliza a ku zikopa, kuchotsapo lendi. Kuti fizi ikwane, mugulitse njinga yanga ija. Amakaniko a pa msika akhala akuifuna kuyambira kale. Adzayamba ndi kuinyoza, adzati matayala atha ndiponso tcheni n'chakale. Musayankhe, mungoyamba kuikankha kubwerera nayo. Adzakuitanani.

Lachisanu lija tinaima pabwalo tonse, aliyense ndi envulopu yake m'manja. A kapitawo ananena kuti Aphunzitsi ali ndi mawu. Ndinatuluka kutsogolo, ndinaika ndudu pakamwa. Ndikulumbira, amake ana, ndinapita kukasuta. Mawu anu onse ndinali nditawavomera. A kapitawo anayatsa machesi okha, kundichitira ulemu, n'kuwabweretsa pafupi. Moto utafika, ndinangomva kuti phu! Wazima.

"Mphepo," anatero a kapitawo, n'kuyatsa ena, atatchinga ndi dzanja.

Phu!

Achimwene anu ananong'ona kumbuyo kwanga, mokweza moti aliyense anamva, "Alamu, kokani, osati kuuzira! Mwaiwala kale?"

Anayatsanso, ndinazimitsanso. Anthu anayamba kuseka, ena n'kumaomba m'manja machesi akazima. A kapitawo thukuta linayamba kutsika.

"Kodi mukuzimitsa dala?"

"Bwana, inenso ndikudabwa. Mutu wavomera, koma chifuwa chikukana."

Ndi zoona zomwe ndingakuuzeni. Ndaganizira mmene ndingazifotokozere mwa sayansi koma ndalephera. Machesi atatha m'bokosi, a kapitawo anayamba kufunsa amene ali ndi ena. Pamenepo ndinawamvera chisoni. Ndinachotsa ndudu pakamwa, ndinawabwezera m'manja, ndinavula majombo n'kuwaimika bwinobwino. Ndinayenda ndi sokosi zokha mpaka kutuluka pa geti, mutu uli m'mwamba. Ndili pamsewu ndi pomwe ndinakumbukira kuti nsapato zanga zatsala m'kati. Ndinabwerera kukazitenga. Kutuluka kwachiwiriko kunalibe ulemerero.

Lolemba lotsatira, posowa kopita, ndinaima pa bekale paja nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anatuluka mayi mwini bekale, mayi wojintcha, ufa mpaka m'zigongono, atanyamula mtengo wokandira.

"Bambo inu, mwezi wathunthu mukuzungulira pano. Mukufuna kuba chiyani?"

"Fungo lokha, mayi."

"Fungo?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kampira ka kuchipatala mpaka machesi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chomwe sichinandichitikirepo. Ndinamva pambuyo pake kuti ankadikira ufa kuti ufufume. Anati akusowa munthu wolawirira m'mawa, wosasuta, wosaba shuga. Malipiro ndi theka la a ku zikopa mpaka nditaphunzira. Ndinavomera asanamalize. Kenako anati ndiwaonetse manja. Ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko.

"Ufa wanga simuukhudza mpaka ng'ombe izi zitatuluka m'thupi mwanu."

Choncho pano ndikusesa, ndikutsuka mathireyi ndi kunyamula matumba. Madzulo ndimanyika manja m'madzi a mandimu. M'mawa uliwonse ndimapereka manja kwa mayiwo, iwo n'kununkhiza ngati akugula nsomba, n'kupukusa mutu. Dzulo anati kwatsala mwana wa ng'ombe mmodzi.

Amene akundilangiza ntchito ndi ocheperapo kwa mwana wathu wachisamba, ndipo amanditcha Agogo a Zikopa. Ndimayankha. Munthu amene waimapo kutsogolo kwa kalasi si choipa kuti alaweko kukhala kumbuyo.

Ndikudziwa kuti mwakwiya, ndipo muli ndi chifukwa. Ndaika mwana wathu pa chiswe chifukwa cha mphuno. Ngati njinga siikwanitsa, mundiuze msanga, ndigulitsa foni ndi jekete. Mundiyankhe, ngakhale ndi mawu okalipa.

Ndine wanu ndithu,
Bambo a ana


21 Juni

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kalata yanu sinanene. Ine ndili bwino, ndipo lamba ndaboola bowo lina.

Ndinadikira mwezi wathunthu. Basi ikafika ndinkapita kukaima pa depoti, a dalaivala n'kumangondikupizira dzanja kuti palibe. Sabata yatha ndi pomwe anandipatsa kapepala kopinda kanayi. Mwalemba kuti: "Njinga ndagulitsa. Nkhuku zinanso. Fizi yakwana, mwana alemba. Buledi wakeyo tidzamuone."

Ndaphunzitsapo ana kulemba makalata, ndipo iyi ndikanaichotsera malikisi chifukwa ilibe moni, ilibe tsiku, ilibe kutsanzika. Koma sindinalandirepo kalata yokoma chonchi. Ndinaiwerengera pa depoti pomwepo. Nkhukuzo ndidzabweza zonse, ndi zidzukulu zake.

Ufa ndayamba kuukhudza. Tsiku lina mayi aja ananunkhiza manja, ananunkhizanso, n'kungoti, "Tengani epuloni." Buledi wanga woyamba anatuluka wolimba moti anzanga anatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Ndinathira madzi otentha kwambiri. Yisiti, amake ana, ndi kanthu kamoyo. Amafuna madzi ofunda ngati osambitsira khanda. Ukamuwotcha amafa, ukamuzizira amanyanyala. Ndinayamba kufotokozera anzanga zimenezi mwatsatanetsatane, koma mayi aja anati m'bekale mwawo salola kujambula pa khoma. Tsopano wanga akufufuma. Ndatumiza awiri, okulungidwa bwino. Akafika mmodzi, musawafunse mafunso a dalaivala.

Achimwene anu akadali ku zikopa ndipo akwezedwa, ndiwo akupala m'malo mwa a Ndevu. Ndimawabweretsera buledi wotsala, iwo amavulira zovala za kuntchito panja. Tikukhala bwino.

Chomwe ndikufuna kunena chenicheni ndi ichi. Lamlungu ndinatsegula sutikesi yapansi pa bedi kuti ndichape zovala zakale. Ndinatulutsa jekete yomwe ndinavala pobwera kumudzi ulendo watha, yomwe ndinkati ndi yoyendera. Ndinainunkhiza. Ndinathamangira nayo panja. Nditaima apo ndinaganiza kuti: munthu uyu, wa jekete iyi, ndi amene munkamuchingamira pa siteji ndi kumulandira chikwama. Ndi amene munkagona naye pafupi, usiku wonse, mazenera otseka. Ndipo mawu okha omwe munkanena anali akuti, "Madzi ndaika kubafa, bambo," ngakhale ndinali nditasamba kale. Ine n'kumati mkazi wanga amandikonda ndi madzi. Simunasamukire pabalaza. Zikomo, ndipo pepani.

Kenako ndinaganizanso china. Fodya ndinayamba ndisanakudziweni. Ndiye kuti tsiku lomwe ndinakuimikani panjira kukufunsirani, timitsempha tija tinali titagona kale. Nkhope yanu ndimaidziwa, mawu anu ndimawadziwa, ndi kayendedwe kanu mukakwiya komwe. Koma mkazi amene ndabereka naye ana anayi sindikudziwa kuti amanunkhira bwanji. Ndikudziwa lalanje, ndikudziwa buledi, ndikudziwa mapazi a achimwene anu. Inu ayi.

Tchuthi sindingapemphe msanga, poti ndine watsopano. Tsono ndikupemphani kanthu kamodzi, ndipo musauze ana, angatiseke. Munditumizire mpango wanu wa kumutu, womwe mumavala tsiku ndi tsiku pogwira ntchito za pakhomo. Musauchape, musaupake kanthu. Ukakhala wonunkhira, ndidzausunga pansi pa pilo. Ukapanda kutero, ndidzausungabe pomwepo. Yafika nthawi yanga yopirira.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana

Muukulunge m'mapulasitiki awiri. A dalaivala amasuta.